Charles Hallé

Sir Charles Hallé (11 Epulo 1819 – 25 Okutobala 1895), amene dzina lake lobadwa nalo linali Karl Halle, anali katswiri woimba piyano komanso wotsogolera magulu a oimba. Anabadwira ku Germany, luso lake linakhwimira ku Paris, ndipo zaka 47 zomaliza za moyo wake anakhala mumzinda wa Manchester, kumpoto kwa England. Amadziwika kwambiri chifukwa cha okesitira imene anayambitsa mu 1858, yomwe ikuimbabe mpaka lero ndipo imatchedwa ndi dzina lake, The Hallé. Okesitira ndi gulu lalikulu la anthu oimba zida zosiyanasiyana, za zingwe monga vayolini, zouzira monga zitoliro ndi malipenga, komanso ng'oma, amene amawerenga nyimbo yolembedwa papepala n'kumatsatira dzanja la munthu mmodzi woima kutsogolo kwawo.

Kwa zaka 37 Hallé ndiye ankasankha nyimbo zimene anthu a ku Manchester ankamva nyengo yozizira iliyonse. Gululo linali lake: ndiye ankalemba ntchito oimba, kuwalipira, kubwereka holo, ndipo matikiti akapanda kuyenda, ngongole inkagwera m'thumba mwake. Panalibe thandizo la boma kapena la khonsolo ya mzinda. Motero pulogalamu ya konsati iliyonse inkayenera kuchita zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimakokana: kudzaza mipando, ndi kumvetsa anthu nyimbo zimene anali asanazimvepo.

Ubwana ku Hagen

Halle anabadwira ku Hagen, m'chigawo cha Westphalia. Bambo ake, Friedrich Halle, anali oimba limba m'tchalitchi komanso oyang'anira zoimbaimba m'tauniyo, ndipo ndiwo anali aphunzitsi ake oyamba. Mwanayo anaimba piyano pagulu ali ndi zaka zinayi. Mu 1828 anakaimba ku Kassel, kumene Louis Spohr, wopeka nyimbo wotchuka wa nthawiyo, anamumva n'kumulimbikitsa. Ali ndi zaka 11 bambo ake anadwala pa nthawi imene gulu lina la opera linali m'tauniyo, ndipo mnyamatayo anaima m'malo mwawo n'kutsogolera masewero angapo, kuphatikizapo Die Zauberflöte ya Mozart ndi Der Freischütz ya Weber. Opera ndi sewero limene mawu ake amachita kuimbidwa, okesitira ikuperekeza.

Mu 1835 anapita ku Darmstadt kukaphunzira kapekedwe ka nyimbo kwa Christian Heinrich Rinck, ndipo chaka chotsatira, ali ndi zaka 17, ananyamuka ulendo wa ku Paris.

Zaka 12 za ku Paris

Cholinga chake chinali kukaphunzira kwa Friedrich Kalkbrenner, mphunzitsi wa piyano amene aliyense ankamulakalaka, koma Kalkbrenner anamutumiza kwa wophunzira wake, George Osborne. Sukulu yeniyeni ya Halle inakhala mzinda womwewo. Anadziwana ndi Chopin, Liszt, Berlioz ndi Wagner, amene panthawiyo anali mnyamata wosauka wosowa womumvera. Ankapita kumakonsati a ku Conservatoire, kumene François Habeneck ankatsogolera masimfoni a Beethoven mosamala kuposa kwina kulikonse ku Ulaya. Simfoni ndi nyimbo yaitali ya okesitira yonse, nthawi zambiri yopanda mawu, yokhala ndi zigawo zinayi, ndipo imatha kutenga theka la ola kapena kupitirira ola lathunthu. Mu 1837 analipo pamene Requiem ya Berlioz inaimbidwa koyamba m'tchalitchi cha Les Invalides. Zimene anamva zaka zimenezi, Beethoven woimbidwa bwino ndi nyimbo zachilendo za Berlioz, ndizo anadzakhala akupereka kwa anthu a ku Manchester moyo wake wonse.

Ku Paris ndiko anasintha dzina kukhala Charles ndi kuika kachizindikiro pamwamba pa chilembo chomaliza cha Halle, kuti Afalansa azitchula dzinalo mpaka kumapeto. Mu 1841 anakwatira Désirée Smith de Rilieu, wochokera ku New Orleans. Mu 1847 anayambitsa makonsati a zida zochepa pamodzi ndi Delphin Alard woimba vayolini ndi Auguste Franchomme woimba cello. Zinthu zinkayenda bwino mpaka mu February 1848, pamene chipwirikiti cha ndale chinagwetsa mfumu Louis-Philippe. Mabanja olemera amene ana awo ankaphunzira kwa iye anathawa mumzindawo, ndipo ndalama zinauma. Hallé anawoloka nyanja kupita ku London, banja lake n'kumutsatira.

Ku London kunachitika kanthu kena kosonyeza mmene anthu ankaganizira za mapulogalamu masiku amenewo. John Ella, mwini makonsati a Musical Union, atamuitana kuti adzaimbe, Hallé anasankha sonata ya Beethoven, nyimbo ya piyano yokha. Ella anakana poyamba, poona kuti nyimbo zotere n'zoimba munthu ali kunyumba kwake, osati pamaso pa anthu olipira. Hallé anaumirira, anaimba, ndipo anthu anaikonda. Mu 1861 anafika poimba masonata onse 32 a Beethoven motsatizana m'makonsati angapo ku London, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'dzikomo.

Manchester

London inali itadzaza ndi oimba othawa zipwirikiti za ku Ulaya, onse akulimbirana ophunzira omwewo. Hermann Leo, wamalonda a nsalu wa ku Manchester, anapempha Hallé kuti asamukire kumpoto, n'kumulonjeza ophunzira. Anafika kumeneko mu 1848 momwemo.

Manchester inali likulu la malonda a thonje padziko lonse, mzinda wa mafakitale, utsi ndi mvula, wokhala ndi amalonda ambiri ochokera ku Germany amene anakulira m'nyimbo za Haydn, Mozart ndi Beethoven. Ludzu la thonje la mzindawu likukhudza mbiri ya Malawi: mu Seputembala 1857 David Livingstone analankhula kwa amalonda a ku Manchester za thonje la mu Africa, ndipo ulendo wake wa ku Zambezi, umene unamufikitsa mumtsinje wa Shire ndi ku Nyanja ya Malawi mu 1859, unanyamuka ku England mu Malichi 1858, patangopita milungu yochepa okesitira ya Hallé itayamba.

Mzindawu unali kale ndi bungwe la makonsati lotchedwa Gentlemen's Concerts, lomwe linayamba zaka za m'ma 1770. Linali la mamembala okhaokha, ovala zapamwamba, ndipo munthu wamba sankalowamo ngakhale atakhala ndi ndalama m'manja. Hallé atamva okesitira yawo koyamba, makutu ake ozolowera za ku Conservatoire sanapirire, moti anaganiza zolongedza katundu n'kubwerera. Mu 1849 bungwelo linamupempha kuti akhale mtsogoleri wa okesitirayo. Anavomera atagwirizana nawo kuti gulu lakalelo lithe ndipo iye alembe oimba amene akuwafuna.

Chionetsero cha 1857 ndi konsati yoyamba

Mu 1857 ku Old Trafford kunachitika chionetsero chachikulu cha zojambula ndi zosema, Art Treasures Exhibition, chimene Prince Albert anatsegula pa 5 Meyi ndipo chinatsekedwa mu Okutobala. Anthu oposa 1.3 miliyoni anakaona. Hallé anapatsidwa ntchito yokonza okesitira yoti iziimba masiku onse a chionetserocho. Anawonjezera gulu lake poitana oimba ochokera ku London ndi ku mayiko ena a ku Ulaya, ndipo anthu zikwizikwi amene anali asanamvepo simfoni anaimva kumeneko, ena akungodutsa popita kukaona zithunzi.

Chionetserocho chitatha, oimbawo akanabalalika. Hallé anaganiza zowasunga ndi ndalama zake. Anabwereka Free Trade Hall, holo yaikulu imene inali itangomangidwa kumene pa Peter Street, pamalo pamene mu 1819, chaka chimene iye anabadwa, asilikali apamahatchi anapha anthu pamsonkhano wandale umene mbiri imautcha Peterloo. Konsati yoyamba inachitika Loweruka pa 30 Januwale 1858, oimba ali pafupifupi 60.

Pulogalamu ya usiku umenewo imaonetsa kale njira imene anadzatsata. Inayamba ndi nyimbo yotsegulira opera ya Der Freischütz, yomwe ija anatsogolera ali mwana. Munali simfoni yoyamba ya Beethoven, yathunthu. Hallé mwiniwake anakhala papiyano n'kuimba Konzertstück ya Weber ndi tinyimbo tina tatifupi ta Mendelssohn. Munalinso mbali za Il trovatore ya Verdi, opera yatsopano imene nyimbo zake zinali pakamwa pa aliyense, ndi nyimbo yotsegulira Le Siège de Corinthe ya Rossini, yaphokoso ndi yosangalatsa. Pakati pa zonsezi anabisamo Ballet des Sylphes, kanyimbo ka mphindi zochepa kochokera mu La Damnation de Faust ya Berlioz. Panatenga zaka 22 kuti anthu a ku Manchester amve nyimbo yonse imene kanyimboka kanachokeramo.

Anthu sanabwere ambiri masiku oyambirira. Nyengo yoyamba itatha, ndalama zonse zitawerengedwa, phindu linali masheleni awiri ndi mapeni asanu ndi limodzi. Nkhani imene imakambidwa mpaka lero ndi yakuti Forsyth, amene ankayendetsa za malonda a makonsatiwo, anam'bweretsera phindulo m'timakobidi khumi tatsopano ta mapeni atatu-atatu, toti agawane ndi banja lake. Akuluakulu a ku Malawi amene anagwiritsapo ndalama za mapaundi kwacha isanabwere mu 1971 amakadziwa kakobidi kameneka ndi dzina lakuti tiki. Patapita zaka zisanu ndi zitatu phindu la nyengo imodzi linali litafika pa mapaundi 2,000.

Kasankhidwe ka nyimbo

M'zaka zotsatira dongosolo linakhazikika. Makonsati anasamukira Lachinayi madzulo, ndipo nyengo imodzi inkakhala ndi makonsati 20, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka m'Malichi. Ku England iyi ndi miyezi ya chisanu ndi mdima wofulumira, pamene anthu amafuna pokhala pofunda madzulo; ku Malawi ndi miyezi ya dzinja, pamene m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje ntchito yothyola imakhala pachimake. Olemera ankagula malo a nyengo yonse pasadakhale, ndipo ndalama zimenezi ndizo zinkamupatsa Hallé mtima wolemba ntchito oimba nyengo isanayambe. Koma anasiyanso malo ambiri osasungitsa a sheleni imodzi. Sheleni sinali ndalama yochepa kwa wogwira ntchito m'fakitale, komabe makalaliki, aphunzitsi, ogulitsa m'sitolo ndi amisiri ankakwanitsa, ndipo iwowa ndiwo anadzakhala omvera okhulupirika kwambiri. Kusiyana kwake ndi Gentlemen's Concerts kunali pomwepa: pakhomo sankafunsa kuti munthu ndi mwana wa yani.

Kukonza makonsati 20 si kungolemba mayina a nyimbo zabwino 20. Nyengo yonse imayenera kuganiziridwa pamodzi: nyimbo zofuna kwaya zimadya ndalama ndi nthawi yokonzekera, choncho sizingatsatizane; woimba wotchuka wochokera kunja amapezeka masiku ena okha; nyimbo yatsopano imafuna kugula kapena kukopera pamanja mapepala a woimba aliyense; ndipo munthu amene wagula malo a nyengo yonse sayenera kumva chinthu chomwecho kawiri popanda chifukwa. Hallé ankachita zonsezi yekha, kwinaku akuphunzitsa piyano ndi kuyenda m'sitima.

Maziko a nyengo iliyonse anali Beethoven, Mozart, Haydn, Mendelssohn ndi Weber. Masimfoni a Beethoven ankabwerezedwa chaka ndi chaka, ndipo kubwereza kumeneku kunali ndi ntchito yake. Masiku amenewo kunalibe wailesi kapena galamafoni. Munthu akamva simfoni Lachinayi, sankaimvanso mpaka okesitira itaiimbanso, mwina patapita chaka kapena ziwiri, pokhapokha ngati kunyumba kuli piyano ndi wina wodziwa kuwerenga nyimbo. Nyimbo yaitali yopanda mawu siilowa m'mutu ulendo umodzi. Hallé ankadziwa kuti womvera amayamba kuikonda akafika poidziwa kumene ikulowera, ndipo ankapereka mpata umenewu mosatopa.

Ndi nyimbo zatsopano ankachita monga amachitira mayi pomwetsa mwana mankhwala owawa. Ankayamba ndi kachigawo kamodzi kachifupi, n'kukaika pakati pa nyimbo ziwiri zokondedwa. Kakalandiridwa, kankabweranso nyengo yotsatira, mwina ndi chigawo china. Kenako nyimbo yonse inkaimbidwa, ndipo ngati anthu aizizira, iye sankaitaya. Ankaibweretsanso patapita nthawi. Umu ndi mmene Schumann, Wagner, Brahms ndi Dvořák analowera m'makutu a anthu a ku Manchester. M'zaka zoyambirira gawo lachiwiri la konsati linkakhala lopepuka, la nyimbo za m'maopera otchuka ndi woimba mawu, kuti amene wapirira simfoni apite kunyumba akung'ung'uza kenakake. Pamene zaka zinkapita, zopepukazo zinkachepa ndipo zolemera zinkachuluka, popanda tsiku limene wina akanaloza kuti apa ndi pamene zasinthira.

Kwaya inali mbali ina ya masamu ake. Kumpoto kwa England kuli mwambo wakale wa makwaya a m'matchalitchi ndi m'matauni a mafakitale, ndipo nyimbo monga Messiah ya Handel, Elijah ya Mendelssohn ndi The Creation ya Haydn anthu ankazidziwa pamtima. Hallé anakhazikitsa kwaya yoimba ndi okesitira yake mu 1858, ndipo Messiah ya nyengo ya Khirisimasi inkadzaza holo chaka chilichonse. Ndalama za usiku umodzi woterowo zinkakwirira dzenje losiyidwa ndi usiku wa nyimbo yachilendo. Ndi kwaya yomweyo anayesanso zinthu zimene wina sakanayerekeza: mu 1860 anaimbitsa opera ya Gluck, Iphigénie en Tauride, m'Chingelezi, popanda zovala za sewero kapena zokongoletsa, oimba atangoima papulatifomu.

Njira ina yopulumutsira ndalama inali iye mwini. Pafupifupi konsati iliyonse ankatsika pamalo otsogolera n'kukhala papiyano, kuimba concerto, nyimbo imene chida chimodzi chimayankhana ndi okesitira yonse, kapena tinyimbo ta piyano yokha. Kuyambira mu 1870 Edward Hecht, amene ankaphunzitsa kwaya, ndiye ankagwira kandodo pa nthawi zoterezi. Alendo otchuka ankabwerabe, monga Joseph Joachim ndi Wilma Norman-Neruda oimba vayolini, ndi Charles Santley woimba mawu, koma nyengo sinkadalira iwo.

Berlioz

Pa opeka nyimbo onse amene Hallé anawamenyera nkhondo, Berlioz ndiye anafuna kuleza mtima kwambiri. Ku England ankaonedwa ngati munthu waphokoso, wolemba nyimbo zofuna oimba ochuluka mopanda nzeru, ndipo ngakhale kwawo ku France anamwalira mu 1869 ali wokhumudwa. Hallé ankamudziwa bwino, anali atamuona akutsogolera nyimbo zake, ndipo ankadziwa liwiro ndi kamvekedwe kamene mwiniwake ankafuna.

Kwa zaka makumi awiri anthu a ku Manchester ankangolawa: Ballet des Sylphes, nyimbo ya asilikali ya ku Hungary yochokera m'nyimbo yomweyo, nyimbo zotsegulira monga Le Carnaval romain. Mu 1879 Hallé anaimbitsa Symphonie fantastique yonse, koyamba ku Britain, patapita zaka 49 chiilembereni. Mu February 1880 anaimbitsa La Damnation de Faust yathunthu, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho L'Enfance du Christ. Faust inagwira mitima ya anthu moti inabwerezedwa kambirimbiri, ndipo Hallé anatenga oimba ake kupita nayo ku London chaka chomwecho. Zimenezi zinatembenuza chizolowezi: nthawi zonse zatsopano zinkayambira ku likulu n'kumafika kumatauni akumpoto mochedwa, koma apa London inamva kuchokera ku Manchester. George Bernard Shaw, amene panthawiyo ankalemba za nyimbo m'nyuzipepala za ku London, anayamikira kwambiri mmene gulu la Hallé linkaimbira Berlioz, ngakhale kuti makonsati ake a ku London nthawi zambiri sankadzaza.

Sanasiye kufunafuna zatsopano atakalamba. Mu 1893, ali ndi zaka 73, anaimbitsa simfoni yachisanu ya Tchaikovsky koyamba ku Britain.

Sitima, malipiro ndi madandaulo

Makonsati 20 a ku Manchester okha sakanadyetsa oimba, amene pofika zaka za m'ma 1890 anali pafupifupi 100. Hallé ankawapezera ntchito masiku ena a sabata powatenga pasitima kupita ku Bradford, Leeds, Sheffield, Edinburgh ndi matauni ena. Nyimbo imene yakonzedwera Lachinayi ku Manchester inkatha kuimbidwanso kwina mawa lake, ndipo izi nazo zinkalowa m'maganizo ake posankha. Kuyambira mu 1873 mpaka mu 1893 ankatsogolera chikondwerero cha nyimbo cha ku Bristol, ndipo kuyambira mu 1883 mpaka imfa yake anali mtsogoleri wa Liverpool Philharmonic, kumene oimba ake ambiri ankaimbanso. Oimbawo ankalembedwa ntchito ya miyezi yozizira yokha. Chilimwe ankabalalika kukaimba m'matauni a m'mphepete mwa nyanja kumene anthu amapita kutchuthi, kapena m'nyumba za opera ku London.

Chiyeso chachikulu chinabwera makonsati ali aang'ono. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itayamba mu 1861, thonje linasiya kufika ku Lancashire, mafakitale anatseka, ndipo mabanja zikwizikwi anagona ndi njala mpaka cha m'ma 1865. Makonsati anapitirira m'zaka zonsezi.

Njira yakeyi inali ndi zofooka zake. Nthawi yokonzekera inali yochepa, kawirikawiri ulendo umodzi wokha konsati isanachitike, ndipo zinkatheka chifukwa oimbawo anali atakhala limodzi zaka zambiri akubwereza nyimbo zomwezo. Ena ankati katsogoleredwe kake n'kaukhondo koma kozizira, makamaka poyerekeza ndi Hans Richter, amene ankachititsa makonsati ku London kuyambira mu 1879. Enanso ankadandaula kuti opeka nyimbo a ku Britain sankapatsidwa malo okwanira. Dandauloli lili ndi pogwira, pakuti mtima wake unali pa nyimbo za ku Germany ndi ku France, koma si loona lonse: mu 1863 anaimbitsa nyimbo za The Tempest za Arthur Sullivan, amene panthawiyo anali mnyamata wa zaka 20, ndipo pambuyo pake anaimbitsanso za Stanford, Parry, Mackenzie ndi Cowen. Vuto lalikulu kuposa onsewa linali lakuti zonse zinali m'mutu ndi m'thumba la munthu mmodzi.

Banja ndi zaka zomaliza

Hallé anakhala nzika ya Britain mu 1852. Mkazi wake woyamba anamwalira mu 1866. Mwa ana awo, Charles Edward Hallé anakhala wojambula zithunzi ndipo anathandiza kuyendetsa Grosvenor Gallery ndi New Gallery ku London, pamene Elinor Hallé anakhala wosema. Mu 1888 Mfumukazi Victoria inamupatsa ulemu wa Sir, ndipo chaka chomwecho anakwatira Wilma Norman-Neruda, amene anali ataimba naye zaka zambiri. Awiriwa anakaimba ku Australia mu 1890 ndi mu 1891, komanso ku South Africa mu 1895.

Kuyambira kale ankafuna kuti Manchester ikhale ndi sukulu yake ya zoimbaimba, kuti achinyamata akumpoto asamachite kupita ku London kapena ku Leipzig, ndiponso kuti okesitira izipeza oimba pafupi. Royal Manchester College of Music inatsegulidwa mu 1893, iye ali mkulu wake woyamba komanso mphunzitsi wa piyano. Mu 1895 anaitana Adolph Brodsky, amene anaimba koyamba concerto ya vayolini ya Tchaikovsky ku Vienna mu 1881, kuti adzakhale woimba vayolini wamkulu m'okesitira ndi mphunzitsi pasukuluyo.

Imfa yake ndi zimene zinatsatira

Hallé anamwalira mwadzidzidzi kunyumba kwake ku Greenheys, Manchester, pa 25 Okutobala 1895, mtsempha wa m'mutu utaphulika. Anali atangobwerako ku South Africa, ndipo nyengo yatsopano inali itatsala masiku ochepa kuti iyambe, mapulogalamu ali okonzakonza. Anaikidwa m'manda a Weaste ku Salford. Arthur Sullivan ndiye anatsogolera konsati yotsegulira nyengoyo. Buku la moyo wake, lokhala ndi mbiri imene analemba yekha koma sanaimalize pamodzi ndi makalata ake, linasindikizidwa ndi ana ake mu 1896.

Popeza okesitira inali katundu wa munthu mmodzi, ikanatha naye limodzi. Amalonda atatu, Gustav Behrens, Henry Simon ndi James Forsyth, analonjeza kulipira ngongole iliyonse imene ikanabwera m'nyengo zotsatira. Frederic Cowen anatsogolera kuyambira mu 1896 mpaka mu 1899, pamene bungwe la Hallé Concerts Society linakhazikitsidwa kuti umwini usakhalenso wa munthu mmodzi, ndipo Hans Richter anatenga utsogoleri. Kuchotsedwa kwa Cowen kuti Richter alowe kunabutsa mkangano waukulu mumzindawo. Richter anakweza kaimbidwe ka gululo, ndipo pa 3 Disembala 1908 anatsogolera simfoni yoyamba ya Elgar koyamba padziko lonse mu Free Trade Hall. Koma mkangano wa mapulogalamu sunathe: ankamunena kuti wadzaza nyengo ndi Wagner, Brahms ndi Beethoven n'kunyalanyaza nyimbo zatsopano za ku France, ndipo anachoka mu 1911. Hamilton Harty, amene anatsogolera kuyambira mu 1920 mpaka mu 1933, anabwezeretsa Berlioz pamalo amene Hallé anamuika.

Free Trade Hall inaphulitsidwa ndi mabomba mu Disembala 1940. John Barbirolli anamanganso okesitirayo kuyambira mu 1943, ndipo anakhala nayo mpaka imfa yake mu 1970. Holoyo inatsegulidwanso mu 1951. Sukulu imene Hallé anayambitsa inaphatikizidwa ndi Northern School of Music kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 n'kukhala Royal Northern College of Music. Kuyambira mu 1996 okesitira ya Hallé imaimbira mu Bridgewater Hall, pafupi ndi pamene panali holo yakale, ndipo ena mwa makonsati ake akuluakulu amachitikabe Lachinayi madzulo.